Napolo Alibe Nkhope: Za Mtsinje wa Agiriki ndi Madzi a ku Salima

Chaka cha 2024 sichidzaiŵalika msanga kwa anthu okhala m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka, kudzera ku Senga Bay, mpaka kumadooko a kwa Makanjira. M'miyezi ya Malichi ndi Epulo madzi a Nyanja ya Malaŵi adakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere, msinkhu umene udaoneka komaliza m'zaka zoyandikana ndi 1980. Mchenga umene asodzi ankayanikapo makoka udamira. Nyumba zogona alendo zambiri za m'maboma a Salima, Mangochi ndi Nkhotakota zidaloŵa madzi mpaka m'zipinda. Eni ake adadandaula kuti zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zitsegulidwe kuti madzi aphwe. Akuluakulu oyang'anira madzi adayankha kuti kutsegula kopitirira muyeso kukadamiza anthu a ku Chikwaŵa ndi ku Nsanje, ndiponso kuti ambiri mwa odandaulawo adamanga m'munsi mwa mzere wa mamita 477, pamalo amene malamulo amati ndi a nyanja.

Mkangano umenewu udayendetsedwa m'chilankhulo cha manambala. Koma pali chilankhulo china chimene Amalaŵi amatulutsa madzi akaŵazunguza. Mu Malichi 2023, pamene namondwe wotchedwa Freddy adagumula mapiri a Soche ndi Mulanje, napha anthu oposa 600, ena oposa 500 osapezeka mpaka lero, dzina limene lidamveka m'misasa ndi pamaliro lidali la Napolo. Aphunzitsi amene mukuŵerenga tsamba lino, tayesani chinthu chimodzi m'kalasi: uzani ana kuti ajambule Napolo. Onse amdziŵa, koma mudzaona mapensulo ali m'kamwa. Wina adzajambula nsato, wina ng'ona, wina mtambo wakuda, ambiri adzangokuyang'anani. Chilombo chotchuka kuposa zonse m'nthano zathu chilibe nkhope yodziŵika. Nkhani ino ikufunsa chifukwa chake, ndiponso ngati kusoŵa nkhopeko kumatipindulitsa kapena kumatipweteka. Kuti tione bwino, tiyambe tacheza kwa anthu ena amene mtsinje wawo adaupatsa nkhope.

Agiriki akale adali ndi mtsinje wovuta wotchedwa Achelous. Umachokera m'mapiri a Pindus, nuyenda makilomita oposa 200 kukathira m'nyanja ya Ionian, kuzambwe kwa dziko la Greece. Iwo ankauyesa mulungu, mkulu wa mitsinje yonse. Nthano yake imati Achelous adafunsira mbeta, mwana wa mfumu Oeneus wa ku Calydon, dzina lake Deianeira. Ngwazi ina, Heracles, idafunanso namwali yemweyo, ndipo aŵiriwo adagwirana. Mtsinje utaona kuti wachepa mphamvu, udasanduka njoka. Heracles adaikanyanga pakhosi. Udasandukanso ng'ombe yamphongo. Heracles adaigwetsa pansi naithyola nyanga imodzi. Nyanga imeneyo akuti idadzazidwa ndi zipatso ndi maluŵa, nikhala chizindikiro cha zokolola zochuluka, chimene mpaka lero chimajambulidwa pa ndalama ndi pa zidindo za maiko ena.

Chimene chili chofunika kwa ife ndi m'mene alembi ndi amisiri adaisinthira nthanoyi m'mibadwo yotsatana. Sophocles, mlembi wa maseŵero amene adakhala zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, adaiika m'kamwa mwa Deianeira mwini wake. M'seŵero lake lonena za akazi a ku Trachis, maiyo amakumbukira mantha amene adali nawo poona womfunsirayo akubwera kwa atate ake m'maonekedwe atatu: ng'ombe, njoka, ndi munthu wa mphumi ya ng'ombe, madzi akuchucha m'ndevu zake. Ankalakalaka kufa kusiyana ndi kuloŵa m'nyumba ya mwamuna wotere. Pamenepa mtsinje ndi chinthu choopsa, ndipo tikuuona ndi maso a munthu wofooka amene alibe mau pa zimene zidzamchitikira. Mai wa ku Chilobwe amene adamva mkokomo usiku ali ndi ana m'nyumba angamvetse Deianeira popanda womasulira.

Amisiri nawo adachita zawo. Mizinda ya Agiriki ya ku Sicily ndi ku Italy, monga Gela ndi Neapolis, idasindikiza pa ndalama zake zachitsulo ng'ombe ya nkhope ya munthu wandevu, ndicho chifanizo cha mulungu wa mtsinje. Ku British Museum, mumzinda wa London, kuli mtsuko umene adaujambula mmisiri wina dzina lake Oltos, zaka pafupifupi 520 Yesu asanabadwe. Pamtsukopo Achelous ali ndi chifuŵa cha munthu ndi mchira wautali wamamba, ndipo Heracles wamgwira nyanga kuti aithyole. Taganizani za mwana wa Chigiriki amene ankaona zifanizo zimenezi pamsika ndi pakhomo. Iye ankakula akudziŵa kuti mtsinje uli ndi khosi logwirika ndi nyanga yothyoka.

Patapita zaka mazana angapo, wandakatulo wa Chiroma, Ovid, adaifeŵetsa nthanoyi m'buku lake la Metamorphoses, limene adalimaliza cha m'ma 8 A.D. Kwa iye Achelous ndi nkhalamba yochereza alendo. Ngwazi ina, Theseus, ikubwerera kwawo, idapeza mtsinje utadzaza, ndipo mtsinjewo ndiwo udaichenjeza kuti isayese kuoloka, popeza madziwo amakokolola mitengo, makola ndi ziŵeto, ngakhale anyamata amphamvu. Udaiitana kuti ikhale pansi, idye, idikire kuti madzi aphwe. Pochezapo nkhalambayo idafotokoza monyinyirika za kugonja kwake, itabisa chipsera cha nyanga ndi nkhata ya masamba. Chithunzi chimenechi adadzachijambula Peter Paul Rubens ndi Jan Brueghel cha m'ma 1615, ndipo chili ku Metropolitan Museum, ku New York: amuna akudya patebulo kuphanga, mtsinje uli mwini phwando. Kunena zoona, apa chilombo chaŵetedwa kwambiri kotero kuti sichiopsanso ngakhale khanda.

Koma wina amene adalankhula mau ofunika kwa ife ndi Strabo, katswiri wa za maiko amene adakhala nthaŵi imodzi ndi Ovid. Iye adalemba kuti ena amaimasulira nthanoyi motere: mtsinje ukutchedwa ng'ombe chifukwa cha mkokomo wake, ukutchedwa njoka chifukwa cha kutalika ndi kukhotakhota kwake, ndipo ntchito ya Heracles idali kumanga zipupa ndi kukumba ngalande kuti mtsinjewo uleke kusinthasintha njira. Dambo limene lidauma lidasanduka minda yachonde, ndipo imeneyo ndiyo nyanga ya zokolola. Ngakhale kale Strabo asanabadwe, Herodotus ndi Thucydides adaona kale kuti matope a Achelous ankalumikiza zilumba za Echinades ku mtunda. Choncho Agiriki adali ndi zinthu ziŵiri pamodzi, nthano ndi kuyang'anitsitsa, ndipo china sichidaphe chinzake.

Tsopano tibwerere kwathu. Akuluakulu amati Napolo ndi chinjoka chachikulu chokhala pansi pa mapiri ndi m'maiŵe akuya. Nthaŵi zina chimatopa ndi malo ake nichisamuka, kuchoka kuphiri kunka kunyanja, ndipo chilichonse chimene chili m'njira yake chimapita nacho. Ena amati pomadutsa pamamveka ngati ng'oma. Dzinali lidazika mizu makamaka ku Zomba, ku Phalombe ndi ku Mulanje. Kuno kuchigawo chapakati makolo ankatchula kwambiri Thunga, njoka ya kachisi wa Makewana ku Msinja, ndipo kuchigwa cha Shire nsato imayenda ndi dzina la Mbona. Njoka zinazi n'zobweretsa mvula, zolandira nsembe. Napolo ndiye mbali yake yoopsa ya madzi omwewo. Mu Disembala 1946 chimvula chidagwa paphiri la Zomba, mitsinje idagumula milatho ndi midzi, ndipo nyimbo ya Paseli Brothers yonena za Napolo idafalitsa dzinali m'dziko lonse. Pa 10 Malichi 1991 phiri la Michesi lidagumuka, matope ndi miyala zidakwirira anthu mazanamazana ku Phalombe. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, limene lidagwira ntchito mpaka lidaloŵedwa m'malo ndi latsopano mu 2023, Freddy atadutsa kale. Malamulo athu a ngozi amabadwa pambuyo pa maliro.

M'nthano zonsezi palibe Heracles. Palibe amene adagwira Napolo pakhosi, ndipo palibe amene adamuona nakhala ndi moyo kuti afotokoze nkhope yake. Pitani kwa osema ziboliboli amene amagulitsa m'mbali mwa mseu wa ku Senga Bay: mudzapeza mvuu, nsomba, mipando ya mafumu ndi bawo, koma Napolo simudzamuona kaŵirikaŵiri. Sikuti amisiri athu n'ngosoŵa luso. Ku Mua, pafupi ndi Mtakataka, malo a Kungoni amene adayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976 amasunga zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, chilichonse ndi dzina lake, nyimbo yake ndi mwambo wake. Kumapanga a Chongoni ku Dedza, amene bungwe la UNESCO lidaŵazindikira mu 2006, makolo adajambula pamiyala zithunzi zoyera, zina zooneka ngati njoka. Anthu amene adatha kupatsa nkhope imfa, dyera, uchidakwa ndi mzungu wa msonkho sakadalephera kusema njoka. Ine ndiganiza kuti Napolo alibe nkhope chifukwa chimene anthu amaona ndi njira yake yokha: mpata wofiira paphiri, miyala yaikulu ngati nyumba itaunjikana pamene padali munda, mtsinje ukuyenda pamene sunkayenda. Chifanizo cha Napolo chimajambulidwa panthaka, ndipo amajambula ndi iye mwini.

Amene adampatsa thupi m'mabuku ndi Steve Chimombo, mphunzitsi wa ku Chancellor College, amene adabadwira ku Zomba mu 1945 namwalira mu 2015. Pamene phiri linkagumuka mu 1946 iye adali khanda la chaka chimodzi, motero adakula pakati pa anthu amene nkhaniyo idali ikali yaiŵisi pakamwa pawo. Adalemba seŵero la The Rainmaker lonena za Mbona, lotuluka mu 1978. Napolo Poems mu 1987. Napolo and the Python mu 1994. Ndi buku la nthano yaitali, The Wrath of Napolo, mu 2000. Achinyamata a lero ayenera kudziŵa nyengo imene ndakatulo zoyambazo zidalembedwa. Kuyambira 1968 kudali bungwe la boma lounika mabuku, ndipo mau olunjika ankatha kumtengera munthu ku Mikuyu, monga zidamchitikira Jack Mapanje mu 1987. M'nyengo yotere chilombo chopanda nkhope chidali chuma kwa mlembi. Mphamvu yobisika, yobwera usiku, yotenga anthu popanda kufotokoza chifukwa, imene otsala amaopa kuitchula: woŵerenga aliyense ankadziŵa chimene chikunenedwa, koma wounika mabuku sakadatha kuloza chala pamzere uliwonse. Achelous akadalephera ntchito imeneyi, pakuti ndevu zake ndi nyanga yake n'zodziŵika kwambiri. Chimombo adaonetsa kuti Napolo angathe kukhala madzi, angathe kukhala ulamuliro, angathenso kukhala chete wa anthu amene aona choipa natseka pakamwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mabuku ameneŵa adalembedwa m'Chingerezi, ndipo mai wa ku Phalombe amene adapatsa mlembi dzina la chilombocho sangaŵaŵerenge. Imeneyo ndi ngongole imene inu otsiriza sukulu mungathe kubweza.

Nanga kusoŵa nkhope kumeneku kumatichitira chiyani lero? Ubwino wake ulipo, ndipo ophunzira asafulumire kuuseka. Nthano ya Napolo imaphunzitsa kuti iye ali ndi njira, ndipo kumene adadutsa adzadutsanso. Akatswiri a miyala ndi nthaka amanena chimodzimodzi m'mau awo: khwaŵa limene lidatsitsa matope kamodzi lidzatsitsanso, ndipo chigwa chathyathyathya cha m'mbali mwa mtsinje chidapangidwa ndi madzi osefukira a zaka zakale. Nkhalamba imene imaletsa mdzukulu kumanga m'njira ya Napolo ikunena zoona zimene mapu a boma amanenanso. Ngakhale zoti pansi pa nthaka pali chinthu chimene chimatembenuka si zopanda pake kwa munthu wa ku Salima. Nyanja yathu ili m'chigwa chimene chidapangika chifukwa cha kung'ambika kwa nthaka, ndipo pa 10 Malichi 1989 chivomezi chidagwedeza boma lino, chidapha anthu angapo ndi kusiya zikwizikwi opanda nyumba. Tsikulo ndi lomwelo limene Phalombe adalira patapita zaka ziŵiri. Okonda kuŵerenga zizindikiro aŵerenge okha.

Kuipa kwake nakonso n'kwakukulu. Mau akuti "wadutsa Napolo" amatha kutseka mlandu usanayambe kuzengedwa. Ngati mwini tsoka ndi chilombo, ndiye kuti palibe wofunsa amene adagaŵa malo m'mphepete mwa phiri, amene adavomereza pulani ya nyumba pamchenga wa nyanja, kapena amene adalola kuti nkhalango ithe. Chilombo chimene chidathandiza mlembi kubisala chingathandizenso wolakwa kubisala. Taonani mtsinje wa Linthipe. Umasonkhanitsa madzi a ku Dedza ndi a ku Dzalanyama, kulandira Diamphwe ndi Lilongwe, nutsika chitunda kudzathira m'nyanja moyang'anana ndi zilumba za Maleri. Nyengo ya dzinja madzi ake amakhala ofiira, ndipo kufiirako kumaoneka patali m'kati mwa nyanja. Imeneyo ndi nthaka ya minda ya kumtunda. Matope ake amakwirira miyala imene mbuna zimadyapo ndere, pazilumba zimene zili mbali ya Lake Malawi National Park, ndiponso amaononga mchenga wa m'mitsinje m'mene mpasa imaikira mazira. Matumba a makala amene timaŵaona pa njinga m'mseu wa ku Lilongwe ndi madzi ofiira a Linthipe ndi nkhani imodzi. Herodotus akadafika ku Maleri akadazindikira zimene adaona ku Echinades. Ulendo wa Napolo, monga nthano inenera, umathera kunyanja, ndipo ife a ku Salima ndife okhala pakhomo pamene iye amafikira.

Wina anganene kuti mankhwala ake n'kutsanzira Agiriki: tipeze Heracles wathu, timange zipupa, tithyole nyanga. Pang'ono tidatero kale. Kamuzu Barrage idamangidwa mu 1965 kuti madzi a Shire aziyenda mwa muyeso, ndipo magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amadalira muyeso umenewo. Ntchito zotere n'zofunika, ndipo Salima akusoŵa zipupa zotchinga madzi ndi milatho yolimba m'malo ambiri. Koma nyanja ili ndi kupuma kwake kwa zaka makumimakumi kumene zitseko za ku Liwonde sizingakulamulire kotheratu. Pakati pa 1915 ndi 1935 idali yotsika kwambiri kotero kuti Shire adaleka kutuluka. Cha m'ma 1980 idakwera kufika pafupifupi mamita 477. Itatsikanso m'zaka za m'ma 1990 ndi cha m'ma 2016, anthu adatsata madzi namanga pamchenga umene udaonekera. Agiriki eni ake nawonso aona malire a Heracles. Achelous adatsekedwa ndi madamu akuluakulu, monga la Kremasta la m'zaka za m'ma 1960, komabe mu Seputembala 2023, chaka chomwecho cha Freddy, namondwe wotchedwa Daniel adamiza chigwa cha Thessaly, nkhokwe ya chakudya ya dzikolo. Namondwe yemweyo ataoloka nyanja adagumula madamu aŵiri ku Derna, m'dziko la Libya, ndipo anthu zikwizikwi adafa usiku umodzi. Iwo ankagona mtima uli m'malo chifukwa ankakhulupirira kuti nyanga idathyoka kale.

Pali chitsanzo china chapafupi chimene chimandipatsa maganizo kuposa zonsezi. Pachilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa mu Disembala nutsegulidwa mu Epulo, ndipo mwambo umenewu wakhala ukutsatidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Pachilumbapo moŵa ndi njuga n'zoletsedwa, akazi safikapo, ndipo potsegula pamakhala mwambo wokumbukira makolo. Zina mwa zoletsazi munthu angatsutsane nazo, makamaka chokhudza akazi. Koma ofufuza za nsomba afika kudzaphunzira chifukwa chimene utaka wa ku Mbenje udasungikira pamene madooko ena akulira. Chinsinsi chake, monga ndionera ine, n'chakuti kumeneko chikhulupiriro chili ndi tsiku lake, malire ake, mfumu yochiyang'anira ndi chilango kwa wochiphwanya. Napolo alibe zimenezi. Timamkumbukira pamaliro, ndipo pofika Juni tamuiŵala, mpaka wogulitsa malo afike ndi chingwe chake choyezera.

Kumupatsa nkhope sikutanthauza kusema chinjoka cha mano aatali choti alendo agule, ngakhale osema atafuna atero. Ngati chifanizo chake chenicheni ndi njira yake, ndiye kuti njirayo ndiyo iyenera kujambulidwa. Ntchito imeneyi siifuna ndalama za kunja. Mphunzitsi wa jogalafe ku Chipoka, ku Lifuwu kapena ku Maganga angatume ana kwa agogo awo kukafunsa pamene madzi adafika mu 1980, pamene adafika mu 2024, ndi kumene Linthipe kapena Lifidzi ankadutsa iwo ali ana. Mayankho alembedwe, ajambulidwe pamapu a mudzi, ndipo mapuwo apachikidwe kusukulu ndi kubwalo la mfumu, kumene malo amagaŵidwa. Mphunzitsi wa Chicheŵa atenge nkhani zomwezo monga zidatulukira m'kamwa mwa eni ake, ndi mkokomo wake ndi ng'oma zake, aziike pambali pa nthano ya Achelous, ana aone okha pamene mitsinje iŵiriyi ikufanana ndi pamene ikusiyana. Amene adaona madzi a 1980 ali akulu msinkhu tsopano apitirira zaka 60, ndipo chaka chilichonse akucheperachepera. Mizere ya matope imene madzi a 2024 adasiya pamakoma nayonso siichedwa kufufutika, pakuti mwini nyumba akangopeza ndalama, choyamba kugula ndi laimu.